Mchere Woiwalika M'magazi a Odwala Impso

Mzamba aliyense amene anachezerapo usiku mu wodi ya amayi oyembekezera amawadziwa mankhwala otchedwa magnesium sulphate. Mayi akabwera BP ili m'mwamba, mutu ukuwaza, maso akuona chimbuuzi, kapena wayamba kale kugwa ngati wakhunyu, mankhwala ake ndi amenewa: magalamu 4 mumtsempha, magalamu 5 thako ili, magalamu 5 thako linalo, kenako magalamu 5 pakatha maola anayi alionse. Koma tisanabaye jakisoni wotsatira pali zinthu zitatu zimene timayamba taona. Timagogoda pansi pa bondo kuti tione ngati mwendo ukudumpha. Timawerenga mpweya, usachepere ka 16 pa mphindi. Timayeza mkodzo, usachepere mamililita 30 pa ola. Mwini nkhani ndi chachitatuchi. Magnesium amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Mkodzo ukachepa ndiye kuti mankhwala akuunjikana m'magazi, ndipo jakisoni yemwe amapulumutsa mayi angathenso kumuletsa kupuma.

Uzamba ndinaugwira zaka zambiri m'zipatala zazing'ono za m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi mpaka ndinapuma. Kwa amayi athu aja vuto la mkodzo linkakhala la masiku ochepa, impso n'kuyambanso ntchito. Koma alipo anthu amene impso zawo zinaleka osayambanso, ndipo moyo wawo watsamira pa makina osefa magazi, aja a dialysis. Mmodzi mwa iwo ndi achimwene anga opondana nawo. Anthu oterewa amayezedwa magazi pafupipafupi, mpaka magadiyani awo amaloweza mayina a papepala: creatinine, urea, potassium, Hb. Dzina la magnesium silimveka kawirikawiri. Ine ndikufuna limveke, chifukwa mchere umenewu ukachuluka umapha, ukachepa umafooketsa mtima, ndipo palibe amene angaudziwe pongomuyang'ana wodwala kumaso.

Mtunda wa pakati pa nyanja ndi makina

Achimwene anali msodzi wa chilimira kuyambira ali mnyamata. Likodzo analidwala kangati, sitingawerenge. Masiku amenewo mnyamata akakodza magazi akuluakulu ankati akukula, ndipo nkhani inkathera pomwepo. Sitinkadziwa kuti mazira a tizilombo ta likodzo amasiya zipsera m'chikhodzodzo ndi m'timipaipi totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, kotero kuti mkodzo umabwerera m'mbuyo n'kumafinya impso chaka ndi chaka. Atakula, BP inawonjezera pa bala lomwelo. Mapazi anayamba kutupa, nkhope kudzuka yofufuma m'mawa, thupi kuyabwa, chakudya kukanika, ntchintchi yosatha. Pamene madokotala ankatiuza kuti impso zonse ziwiri zatha, munthu amene ankakoka khoka usiku wonse sankathanso kuyenda kuchokera pakhonde kukafika kudoko.

Boma la Mangochi, pa kalembera wa 2018, linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni. Kusefa magazi si ntchito ya chipatala cha paboma. Kumachitikira m'zipatala zazikulu za m'mizinda. Ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe makina anayamba mu 1998, ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mu 2011, ndipo m'zipatala za bomazi wodwala salipira. Koma mseu sunena zaulere. Kuchoka pa Mangochi kudzera pa Liwonde ndi Zomba kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190. Wa kwa Makanjira ayambe wayenda ena pafupifupi 100 asanaoloke Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi. Wa ku Chembe, ku Namwera kapena ku Malindi nayenso ali ndi wake ulendo. Ndi chifukwa chake wodwala impso wa kunyanja amasamuka, kukakhala kwa mbale kumzinda kapena kukachita lendi, kusiya ngalawa, munda ndi ana.

M'maiko olemera wodwala amakhala pa makina katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse. Kwathu kuno ambiri amakhalapo kawiri. Ndiye kuti pakati pa tsiku la makina ndi linzake pamadutsa masiku atatu kapena anayi, thupi likusunga chilichonse chimene munthu wadya, wamwa ndi kumeza. Masiku apakati amenewa ndiwo amene banja liyenera kuwamvetsa, chifukwa dokotala sakhalapo. Amene amakhalapo ndi mkazi, mlongo kapena mwana.

Ntchito ya mchere umenewu

M'thupi la munthu wamkulu muli magnesium wokwana magalamu pafupifupi 25. Woposa theka ali m'mafupa, wambiri wotsalayo ali m'minofu ndi m'ziwalo zina, ndipo woyandama m'magazi safika ngakhale gawo limodzi pa magawo 100. Wochepa chonchi ndi amene amathandiza kuti mitsempha itumize uthenga modekha, minofu ikakokana imasukenso, ndiponso mtima ugunde mwadongosolo. Kwa munthu wabwinobwino, mlingo wake m'magazi umakhala pakati pa 0.7 ndi 1.0 mmol/L.

Amene amasunga mlingowo ndi impso. Tsiku lililonse zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, n'kubwezera m'thupi pafupifupi onse, kutaya lita imodzi ndi theka yokha monga mkodzo. Magnesium akachepa m'chakudya impso zimamuumira, akachuluka zimamutaya. Munthu wa impso zabwino angathe kutafuna mapilisi a chilungulira sabata yonse osamva kanthu. Impso zikafa, khomo lotulukira limatsekeka, ndipo kumatsala makina okha.

Makinawo sasankha ngati impso. Magazi amachoka pamkono, pa mtsempha umene madokotala anaulumikiza kuti ukule, kapena pa paipi yoikidwa m'khosi, n'kukadutsa mu sefa yokhala ndi timipaipi zikwizikwi toonda kwambiri. Kunja kwa timipaipito kumayenda madzi okonzedwa mwapadera, osakanizidwa ndi mchere wosiyanasiyana pa mlingo woyezedwa. Amene ananyikapo bakayawo m'madzi akudziwa mmene zimakhalira: mchere umachoka munsomba kulowa m'madzi, koma madziwo akakhala amchere kale, wotuluka umachepa, ndipo akakhala amchere kuposa nsombayo, ndi nsomba imene imamwa. Ndi mmenenso zilili mu sefa. Madzi a makina ambiri amakhala ndi magnesium wa 0.5 mmol/L, choncho wodwala akafika ndi wochuluka, makina amachotsa. Akafika ndi wochepa kale, makina samubwezera mokwanira, mwinanso amapitiriza kumuchotsa.

Pa maola anayi, magazi a wodwala amakumana ndi madzi okwana malita pafupifupi 120. N'chifukwa chake kuseri kwa wodi ya dialysis kumakhala chipinda cha matanki ndi masefa oyeretsera madzi. Madzi a pampopi kapena a pamjigo amakhala ndi calcium ndi magnesium wawo, ndipo masefawo akapanda kugwira bwino, odwala onse a tsiku limenelo angathe kuchita nseru, kusanza ndi kumva mutu nthawi imodzi. Katswiri wokonza makina amateteza moyo chimodzimodzi ndi namwino wobaya singano.

Akachuluka

Chaka china kwathu kunagwa maliro, ndipo achimwene anabwera kudzakhuza. Mwambo unatenga masiku, ndalama ya minibasi inavuta, tsiku la makina linawadutsa. Madzulo ena ndinawapeza atagona pamkeka, akulankhula mokoka mawu.

“Achemwali, miyendoyi yalemera. Ikukana kunyamuka.”

“Achimwene, mwamwa chiyani masiku ano?”

“Palibe. Timapilisi ta chilungulira tokha tija.”

Alamu analowa m'nyumba n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki ka mapilisi oyera otafuna, ogula pagolosale. Anali magnesium trisilicate. Anatulutsanso botolo la mankhwala oyera ngati mkaka, a milk of magnesia, amene mnansi wina anawapatsa atamva kuti m'mimba mwamanga. Ndinawakhazika pampando, miyendo ili lendelende, n'kugogoda pansi pa bondo ndi m'mbali mwa dzanja. Mwendo unangogwedezeka pang'ono ngati waulesi. Usiku womwewo tinapeza galimoto. Magazi atayezedwa, magnesium anali atapitirira kawiri mlingo wa munthu wabwino, potassium nayenso ali pamwamba. Anawaika pa makina, ndipo kutacha miyendo inayamba kumvera.

Zizindikiro za magnesium wochuluka zimakwera ndi nambala. Pakati pa 2 ndi 3 mmol/L munthu amachita nseru, amamva kutentha kumaso, mutu umawawa, amaodzera, ndipo bondo limayankha mofooka. Pakati pa 3 ndi 5 bondo silidumphanso, BP imatsika, mtima umagunda pang'onopang'ono. Kupitirira 5, minofu yopumira imalefuka ndipo mtima ungathe kuima. Kuchipatala kuli jakisoni wa calcium gluconate amene amatchinjiriza mtima ndi mpweya kwa kanthawi. Ndi yemwe uja amakhala pafupi mu wodi ya azamba. Koma kwa munthu wopanda impso jakisoniyo amangogula nthawi. Chochotsa magnesium m'magazi ndi makina.

Choopsa n'chakuti zizindikiro zonsezi zimafanana ndi kutopa kwa masiku onse kwa wodwala impso. Banja limati wafooka ndi ulendo, kapena ndi malungo, kapena sanadye. Ndipo mankhwala obweretsa vutoli sitimawayesa mankhwala n'komwe. Amagulitsidwa pamodzi ndi sopo ndi machesi, amakoma ngati switi, ndipo dokotala akafunsa kuti “mukumwa mankhwala anji?” palibe amawatchula. Chilungulira ndi kudzimbidwa ndi mavuto a tsiku ndi tsiku kwa anthu a pa dialysis, chifukwa amaletsedwa kumwa madzi ambiri ndi kudya zipatso zambiri, kotero chiyeso chogula mapilisiwa n'chachikulu. Mchere wina wotsegula m'mimba wotchedwa Epsom ndi magnesium sulphate yemweyo wa amayi oyembekezera. Wodwala impso asamwe chilichonse mwa izi popanda mawu a dokotala wake. Akagula mankhwala alionse, wina awerenge papaketi; pakakhala mawu akuti magnesium, abwerere nawo.

Akachepa

Kwa zaka zambiri madokotala a impso ankaopa mbali imodzi yokha, ya kuchuluka. Masiku ano akuyang'ananso mbali inayo. Mu 2014, Yusuke Sakaguchi ndi anzake ku Japan anafalitsa zimene anapeza atatsatira odwala a pa dialysis oposa 140,000. Amene anali ndi magnesium wochepa m'magazi ankamwalira kwambiri, makamaka ndi matenda a mtima, kuposa anzawo. Imfa zinali zochepa mwa amene mlingo wawo unali pamwamba pang'ono pa wa munthu wabwinobwino, kenako n'kuyambanso kukwera mwa amene unakwera kwambiri. Kafukufukuyu anaonetsa kuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Sanapereke chilolezo chakuti wodwala azidzigulira mapilisi a magnesium. Chimene anaphunzitsa n'chakuti nambala ya 1.1 kapena 1.2 kwa munthu wa pa makina si yochititsa mantha, pamene 0.6 si yoinyalanyaza.

Zifukwa zake zikumveka. Mwa odwala impso, phosphate amachuluka m'magazi, n'kugwirizana ndi calcium, n'kumakamatira m'makoma a mitsempha mpaka imauma gwa. Magnesium amachedwetsa kuumako. Komanso akachepa, magetsi a mtima amasokonezeka, ndipo mtima ungathe kuyamba kugunda mothamanga mopanda dongosolo, kumene kumagwetsa munthu mwadzidzidzi. Minofu imakokana, makamaka m'akatumba usiku, zikope zimaphethira zokha, manja amanjenjemera, ena amakomoka. Potassium ndi calcium akatsika pamodzi ndi magnesium, sakwera msanga mpaka magnesiumyo atakonzedwa.

Nanga munthu wopanda impso, amene sataya kanthu mumkodzo, magnesium angamuchepere bwanji? Njira ndi zinayi. Choyamba, makina amachotsa ulendo uliwonse. Chachiwiri, zakudya zimene wodwala amaletsedwa chifukwa cha potassium ndi phosphate ndi zomwezonso zili ndi magnesium. Chachitatu ndi kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali. Chachinayi ndi omeprazole ndi mankhwala ena a mtundu wake, amene amaperekedwa kwambiri pa vuto la zilonda za m'mimba. Akamwedwa miyezi yambiri amalepheretsa matumbo kuyamwa magnesium. Taonani mmene zilili: pa chilungulira chimodzimodzicho, mankhwala ena amakweza, ena amatsitsa. Popanda kuyeza, ngakhale dokotala angakhale akungoganizira.

Kuyeza kwake

Magnesium sali m'gulu la zoyeza za masiku onse zimene madokotala amalemba mwachidule kuti U&E. Gulu limenelo limakhala ndi urea, creatinine, sodium ndi potassium. Magnesium amalembedwa payekha pafomu, ndipo akapanda kulembedwa sayezedwa. Kuyezako pakokha si kovuta. Kulabu amazunguza magazi m'makina kuti maselo apite pansi, madzi ake achikasu atsale pamwamba. M'madziwo amathiramo mankhwala amene amasintha mtundu akakumana ndi magnesium, ndipo makina amawerenga kukula kwa mtunduwo pouwalitsa ndi kuwala. Labu imene imayeza creatinine ingathenso kuyeza magnesium ngati ili ndi mankhwala ake.

Chimene chimalakwika kawirikawiri si makina a kulabu koma katengedwe ka magazi. Pali zinthu zinayi zimene gadiyani watcheru angathe kuziona ndi maso ake.

Nthawi: magazi atengedwe wodwala asanalumikizidwe ku makina, singano itangolowa, asanapatsidwe madzi a diripi. Otengedwa makina atangotha amaonetsa nambala ya madzi a makina, osati ya moyo wa kunyumba, chifukwa pakapita maola ochepa magnesium wina amatuluka m'minofu ndi m'mafupa kubwerera m'magazi.

Botolo: la chivindikiro chofiirira ngati bilinganya ndi lowerengera maselo ndi Hb. Muli mankhwala otchedwa EDTA amene amagwira magnesium ndi calcium, komanso ali ndi potassium wakewake. Magazi a m'botolo limenelo, ngakhale dontho lokha litatsanuliridwa m'botolo lina, amanamiza: magnesium ndi calcium amaoneka otsika, potassium wokwera moopsa.

Kusweka kwa maselo: m'maselo ofiira muli magnesium wochuluka kuposa m'madzi a magazi, potassium ndiye osanena. Magazi akakokedwa mwamphamvu ndi singano yaying'ono, akakhutchumulidwa, kapena akafinyidwira m'botolo, maselo amasweka n'kukhuthula zonsezo, nambala n'kukwera popanda vuto lenileni. Wa kulabu akaona madzi aja afiira m'malo mokhala achikasu amapempha magazi ena. Musakwiye naye, akukutetezani.

Kuchedwa: dzuwa la October kuno ku Mangochi silisewera. Magazi otengedwa kuchipatala chaching'ono m'mawa, n'kuyenda pa njinga yamoto mpaka madzulo asanazunguzidwe, sanganene zoona za mchere. Ayenera kufika kulabu msanga, kapena azunguzidwe konko asananyamuke.

Nambala ikatuluka, yang'anani zilembo zimene zili pambali pake. Malabu a ku South Africa amalemba mmol/L, pamene a ku India, Japan ndi America amakonda mg/dL. Ana athu ambiri a ku Mangochi ali ku Joni, ndipo odwala ena amapita ku India kukaikidwa impso, kotero mapepala a mitundu iwiri amakumana m'nyumba imodzi. 1 mmol/L ndi pafupifupi 2.4 mg/dL. Munthu wa 2.2 mg/dL ali bwino, chifukwa ndi 0.9 mmol/L. Munthu wa 2.2 mmol/L afunika kuonedwa ndi dokotala lero lomwe. Nambala yake imodzi, tanthauzo lake losiyana kutalitali.

Tikumbukenso kuti za m'magazi ndi kagawo kakang'ono ka magnesium yense wa m'thupi. Nambala ingathe kuoneka yabwino pamene nkhokwe ya m'mafupa ndi m'minofu yayamba kuchepa. Ndiye dokotala wabwino sawerenga nambala imodzi yokha. Amaiyika pambali pa ya mwezi watha ndi ya mwezi winawo, pambali pa potassium, calcium ndi phosphate, pambali pa pepala la ECG loonetsa kagundidwe ka mtima, ndi pambali pa zimene wodwala akudandaula. Apa m'pamene buku la kuchipatala limagwira ntchito. Alamu anga anajambula mizere patsamba lomaliza la buku la achimwene: tsiku, kulemera kwa thupi, potassium, magnesium, ndi mankhwala alionse atsopano. Sukulu anailekera ku pulayimale, koma tsopano nambala ikasuntha amayamba ndi iwo kuona.

Za m'mbale

Funso la gadiyani aliyense ndi lakuti, “Ndiye tiziwaphikira chiyani?” Magnesium amapezeka mu mtedza ndi nsinjiro, nyemba, nandolo, khobwe, masamba obiriwira monga bonongwe, nkhwani ndi chisoso, ndiponso mu mgaiwa. Ufa woyera umataya wambiri pokonola ndi poviika. Chakudya chokha sichikweza magnesium kufika poopsa kawirikawiri; amene amatero ndi mankhwala aja. Chimene chimaopsa m'mbale ndi potassium, amene angaimitse mtima popanda chenjezo, ndipo pa mndandanda wa zoopa iye ndiye woyamba.

Kuno kwathu potassium amabisala m'zinthu zimene timazikonda. Chidulo, chija timatcheza kuphulusa n'kuthira mu therere kapena m'chigwada, n'chodzaza ndi potassium. Wodwala impso asachilawe. Malambe, amene mitengo yake yadzaza mseu wonse wa ku Monkey Bay, ali ndi wambiri, ndipo madzi ake oziziritsa a m'timapepala amawonjezanso madzi m'thupi. Nthochi, mapeyala, mango ambiri nthawi imodzi, tomato wochuluka, mbatata ndi mbatatesi nazonso zili m'gulu lomwelo. Mchere wa m'sitolo wolembedwa kuti ndi wabwino kwa odwala BP nthawi zambiri umakhala wa potassium. Futali wa mbatata wothira nsinjiro, amene amakoma pomasula m'mwezi wa Ramadhani pamodzi ndi tende, ndi katundu wolemera kwa munthu wa pa makina. Wofuna kusala akambirane ndi dokotala wake ndi a shehe, pakuti chipembedzo chimamumasula wodwala. Usipa ndi utaka wodya ndi minga yomwe uli ndi phosphate wambiri, koma wodwala amafunikanso ndiwo zomanga thupi, kotero nkhani ndi ya muyeso osati kusiyiratu.

Masamba ndi mbatata akazidula tizidutswa, kuziwiritsa m'madzi ambiri, n'kutaya madziwo, potassium amachepa. Koma magnesium winanso amapita ndi madzi omwewo. Banja lamantha limene laletsa wodwala chilichonse, n'kumangomupatsa nsima ya ufa woyera ndi kabichi wowiritsa kawiri, lingathe kumupulumutsa ku potassium n'kumugwetsera m'njala ndi m'kuchepa kwa magnesium. Ndaona anthu akuonda mpaka mafupa chifukwa cha chikondi cha abale awo. Zoletsa ziyenera kuchokera pa pepala la kulabu la munthu ameneyo, osati pa zimene anauzidwa wodwala wa pabedi loyandikana nalo.

Zimene tingachite

Makina oyamba a dialysis ogwira ntchito anawapanga Willem Kolff ku Netherlands mu 1943, ndipo wodwala wake woyamba kupulumuka anali wa mu 1945. Kuyambira pamenepo makina akhala akusintha, koma sanafike podziwa okha zimene thupi likusowa. Amachita zimene auzidwa, ndipo wowauza amadalira pepala la kulabu. Mlingo wa magnesium m'madzi a makina ungathe kusinthidwa posankha mankhwala osakaniza ena, mapilisi angathe kusiyidwa kapena kusinthidwa, chakudya chingathe kumasulidwa pang'ono. Zonsezi zimayamba ndi munthu mmodzi kulemba dzina la mcherewu pafomu.

Kwa anzanga a zaumoyo a m'zipatala za m'mbali mwa nyanja, kumene odwala a pa makina amafikira akadwala ali kumudzi, pempho langa ndi ili. Munthu akanena kuti ali pa dialysis ndipo wafooka, mufunseni tsiku limene anakhala pa makina komaliza. Mufunseni za mapilisi a chilungulira ndi otsegula m'mimba powatchula mayina, osangoti “mankhwala”. Gogodani bondo, werengani mpweya, mverani mtima. Musamulembere magnesium trisilicate, musamupatse Brufen, Indocid kapena diclofenac amene amapha kantchito kochepa kamene impso zatsala nako, ndipo musamuthire diripi ngati mmene mungachitire ndi munthu wokodza. Mutumizeni msanga. Kwa oyang'anira malabu, mankhwala oyezera magnesium akhale pa mndandanda wa zogula, chifukwa adzathandiza odwala impso, amayi oyembekezera a BP yokwera amene mkodzo wawachepera, ndi ana onyentchera omwe.

Kwa ife a kunyanja amene impso zikadali zamoyo, njira yabwino ndi yosafika n'komwe pa makinapo. Mwana wokodza magazi alandire praziquantel, ndipo mankhwala a likodzo akabwera kusukulu tisawabise ana. Msodzi, mayi wochapa kudoko ndi wogulitsa nsomba ayezetse BP ndi shuga ngakhale asakumva kupweteka, pakuti impso zimatha mwakachetechete. Malungo aakulu ndi kolera, amene anativutitsa kwambiri kuno mu 2022 ndi 2023, amagwetsa impso m'masiku ochepa. Wodwala amene mkodzo wamuchepera apite kuchipatala tsiku lomwelo, asayambe wamwetsedwa zitsamba.

Ndipo kwa inu amene mukudwazika munthu wa pa makina, safunsa anadya phula. Pa tsiku lotenga magazi la mwezi uno, nyamulani mankhwala onse amene ali m'nyumba, a kuchipatala, a pagolosale ndi opatsidwa ndi anansi, mukawayale pamaso pa namwino. Kenako funsani mwaulemu koma mosaopa: magnesium anayezedwa liti komaliza, anali bwanji, ndipo ayezedwanso liti? Yankho lake mulilembe m'buku pamodzi ndi tsiku ndi zilembo za muyeso wake. Ulendo wa kumudzi, kaya ndi wa maliro, ukwati kapena Idi, ukonzedwe mozungulira masiku a makina, ndalama yobwerera itasungidwa padera musananyamuke.